A Loya ndi Pepala la Kuchipatala

Tsiku limene akazi awo ankatuluka m'chipatala, bambo ena amene abale ankawatchula kuti a Loya anali pafupi kunena bodza la mawu awiri okha: "Ndamva zonse." Bodza lotere ambiri amaliyesa laling'ono. Si laling'ono ayi.

A Loya sanali loya. Anali mesenjala pa ofesi ina, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ankamva Chingerezi m'makonde ponyamula mafaelo. Anatolako moni, mawu opepesera ndi mawu ena angapo akuluakulu, amene ankawawaza pa maukwati ndi pa misonkhano ya banja mpaka dzinalo linawakanirira. Ankalikonda kuposa dzina lawo lenileni.

Akazi awo anali atelala. Makina awo opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde, ndipo ankasoka mayunifomu a ana asukulu a m'dera lonselo. Tsiku lina anaterereka pa sitepe yonyowa, fupa la bondo lakumanja linasweka, ndipo madokotala anawachita opaleshoni.

Powatulutsa, namwino anapereka ndodo ziwiri zoyendera ndi pepala limodzi.

"Bambo, pepalali ndi la Chingerezi, a chinenero chathu atithera. Khalani pansi mphindi zisanu zokha ndikufotokozereni mmene muzisamalira mwendowu."

Pabenchi panali anthu ambiri, ndipo pakati pawo panali alamu awo, akulu ake a atelala. A Loya analiyang'ana pepalalo pamwambamwamba, nayankha kaye m'Chingerezi mokweza kuti onse amve, kenaka anati, "Ndamva zonse, asisitala. Musataye nthawi yanu."

Atafika kunyumba anadzitsekera kuchipinda, navala magalasi. Mawu akuti walk ankawadziwa bwino kuti ndi kuyenda. Koma papepalapo mawuwo sankayenda okha. Pamzere uwu anali ndi kamawu kena pambuyo pake, pamzere winawo kenanso, ndipo panali mawu ena ambiri amene sanawamvepo m'makonde a ku ofesi. Anawerenga katatu, osadziwabe ngati wodwala ayende kapena asayende. Chipatala chinali ulendo wa basi imodzi. Akanabwerera tsiku lomwelo. M'malo mwake anapinda pepalalo naliika m'thumba la jekete.

"Akuti chiyani, bambo?" anafunsa atelala ali pabedi.

"Akuti mugone. Mwendo usagwedezeke mpaka upoleretu."

Mawu amenewa sanachokere papepala. Anachokera m'mutu mwawo, poti aliyense amadziwa kuti wodwala amagona.

Wina asaganize kuti a Loya sankakonda akazi awo. Ankawakonda kwambiri, ndipo apa ndi pamene pali poopsa. Anaika pilo wofewa pansi pa bondo kuti lisapweteke. Anaika ndowa pafupi ndi bedi kuti atelala asapite kuchimbudzi. Ndodo zija anaziponya pamwamba pa kabati ya zovala. Chakudya ankabweretsa okha pabedi asanapite kuntchito ndiponso akaweruka.

Sabata yachinayi alamu awo anabwera kudzazonda.

"Alamu, mayi amene anagona bedi loyandikana kuchipatala uja ndakumana naye pamsewu akuyenda ndi ndodo. Nanga mng'ono wangayu mwamufungatira bwanji ngati dzira?"

"Matenda amasiyana, alamu. Kodi pepala lija munawerenga ndinu?"

"Ine sukulu ndinangoisuzumira pazenera, koma maso ndili nawo. Mwendo uwu ukuonda."

A Loya anaseka mwaulemu, natembenuza nkhani.

Sabata yachisanu ndi chimodzi kunabwera mayi wa fiziyo, amene ntchito yake ndi kuphunzitsa odwala kuyendanso. Anali atawadikira atelala kuchipatala kawiri konse osawaona, ndiye anatsata adiresi ya pakhadi. Analowa kuchipinda, naona pilo, naona ndowa, nkhope yake inasintha. Anachotsa piloyo, nagwira mwendo kuti aupinde pang'ono. Atelala anakuwa. Bondo linali litauma ngati chikuni.

"Anakuuzani kuti mugone ndani, mayi?"

"Ndi pepala la kuchipatala kwanu komweko."

"Tabwerani nalo."

A Loya analitulutsa m'jekete. Mayi wa fiziyo sanalilande. Anati, "Werengani mzere woyamba, bambo, mutiuze m'chinenero chathu."

A Loya anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Potsiriza anakhala pampando, nati ndi mawu otsika, "Sindinalimve. Kuyambira tsiku loyamba lija, sindinalimve."

Atelala anatembenukira kwa amuna awo.

"Masabata asanu ndi limodzi, bambo, ine ndikukodzera m'ndowa ngati kamwana. Chingerezi chanu chija munachiiwala kuukwati?"

Mayi wa fiziyo sanaseke, ndipo sanawadzudzule mokweza. Anapempha cholembera, nathothola tsamba la mwezi wakale pa kalendala, napatsa a Loya.

"Lembani kuseri kwake. Chingerezi chili ndi mawu ambiri onena za kuyenda, monganso ife tili ndi kutsimphina, kudzandira, kunyang'ama ndi kukwawa. Ngakhale ophunzira amasokonezeka nawo. Kusadziwa si mlandu. Mlandu ndi kubisa."

Kenaka anaimirira pakati pa chipinda, nayamba kuonetsa mzere uliwonse ndi miyendo yake.

"Apa adokotala akuti wodwalayu aimirire ndi ndodo tsiku lachiwiri. Apa akuti aziyendayenda m'nyumba katatu patsiku. Mawu awa akuti shuffle ndi kukhwekhwereza mapazi chonchi, ndipo akuti asamatero, azinyamula phazi. Awa akuti step up ndi kukwera sitepe, kuyamba ndi mwendo wabwino. Apa pali masiku obwerera kuchipatala. Mzere wa zilembo zazikuluwu ukuti musaike pilo pansi pa bondo."

A Loya analemba zonse. Pamene sanamve anati, "Bwerezaninso." Anatero kasanu.

"Kodi ndidzayendanso?" anafunsa atelala.

"Mudzayenda, mukalimbika. Koma zipweteka kuposa mmene zikanapwetekera poyamba, ndipo sindikulonjeza kuti bondoli libwerera mwakale."

Atelala analoza pamwamba pa kabati. "Tsitsani ndodozo, bambo."

"Lero lomwe?"

"Mukufuna tidikire pepala lina?"

Tsiku limenelo anayenda kuchokera pabedi kukafika pachitseko, misozi ikutsika, milomo atailuma. A Loya anali pambuyo atagwira lamba wa nsalu amene mayi wa fiziyo anamanga atelala m'chiuno. Mawa lake anafika pabalaza. Ndowa inatulutsidwa m'chipinda sabata yomweyo, ndipo amene analamula kuti ituluke ndi atelala eni ake: "Ichi ndisachionenso muno."

Panali masiku amene bondo linkatupa, ndipo a Loya ankati, "Lero pumulani, amayi." Atelala ankayankha, "Ndinapumula kale za chaka chonse. Gwirani lamba."

Lachiwiri lililonse a Loya ankapempha chilolezo kuntchito ndi kuwaperekeza kuchipatala. Kumeneko ankakhala pabenchi yomwe ija, pakati pa anthu, ndipo dokotala akalankhula mothamanga ankakweza dzanja: "Pepani adokotala, sindinamve. Ndiuzeni m'chinenero chathu, ndilembe." Palibe anawaseka. Tsiku lina bambo wachikulire amene anakhala pafupi anawanong'oneza kuti, "Mufunsenso za mankhwalawo, achimwene, nanenso zandidutsa."

Patatha miyezi itatu atelala anafika pagolosale ya pakona ndi ndodo imodzi. Patatha miyezi isanu anayenda okha kukafika kumsika ndi kubwerako, alamu aja akuwatsatira pambuyo ndi nthungululu mpaka anthu anatuluka m'makomo.

Phunziro lake ndi ili. Mukapatsidwa pepala la kuchipatala, musachoke musanalimvetse. Pemphani kuti akufotokozereni m'chinenero chimene mumalankhula kunyumba, akuonetseni ndi manja kapena ndi miyendo, ndipo inu mubwereze zimene mwamva iwo akumvetsera. Malangizo a wodwala aliyense amasiyana, choncho musaganizire, ndipo musatengere za mnzanu. Tsiku lobwerera kuchipatala musalidumphe. Inu amene pabanja amakudalirani kuti ndinu ophunzira, chenjerani koposa, pakuti mawu anu palibe amawakayikira.

Atelala akuyenda, ndipo ayenda chifukwa cha khama lawo. Koma bondo lija silipinda mokwanira ndipo siliwongoka mokwanira. Amatsimphina, ndipo dokotala anawauza kuti adzatsimphina moyo wawo wonse. Pamakina satha kukhala kupitirira ola limodzi. Mayunifomu a sukulu anapita kwa telala wina. Iwo tsopano amasoka zigamba ndi kupinda mathalauza.