Mwana wa Pumbwa M'katoni ya Nsapato

Kuntchito kwathu munthu salowa ngati akulowa m'sitolo. Umavula zako zonse, n'kusamba, n'kuvala ovolosi ya kampani, n'kuponda m'madzi a mankhwala, kenako n'kusaina m'buku kuti sunagwire mbalame iliyonse kunja kwa mpanda, kaya nkhuku, kaya bakha, ngakhale mpheta imene. Ndi kampani yoswetsa anapiye, ndipo matenda a mbalame imawaopa kuposa moto. Ukanama m'bukumo ntchito yatha tsiku lomwelo, ndipo kapitawo amene wasaina pansi pa dzina lako naye amayankhapo. Kapitawo wanga ndi alamu anga, amuna a mkulu wanga, amenenso anandipezera ntchitoyi.

Ine ndimaima pa lamba woyenda. Anapiye amabwera mazanamazana, ine n'kumasankha: abwino m'makatoni, opunduka ndi otupa mchombo mu ndowa. Ndatha zaka khumi ndi chimodzi ndikuchita zimenezi. Za kumene ndowayo imapita musandifunse.

Lamlungu lina ndikuyanika zovala kuseri kwa chipinda changa, ndinaona kamwana ka pumbwa pansi pa chingwe. Nthenga zinali zisanamere bwino, mwendo umodzi uli lende, pamsana pali bala la mano a mphaka. Ndinadikira mpaka zovala zinauma, kholo lake osabwera. Ntchito yanga ndi kudziwa mwanapiye amene sakhala moyo, ndipo kameneka ndinakaweruza nditangokaona. Koma kanayasamula kukamwa, kukamwa kwachikasu kokula kuposa mutu wake, ndipo ine chitsiru ndinakanyamula.

Ndinakaika m'katoni ya nsapato, n'kuyalamo sokosi yakale. Balalo ndinalitsuka ndi madzi amchere. Mwendo ndinaumangirira ku kamtengo ka machesi ndi ulusi wosokera. Ndinkakadyetsa papaya wofewa ndi dzira lowiritsa, pang'onopang'ono, pansonga ya chotokosera m'mano. Kuntchito timayamba sikisi koloko n'kuweruka wani koloko, ndiye ndinkakakhutitsa mbandakucha, masana n'kubwerera chothamanga. Ndinkakapeza katasasa mawu ndi kulira.

Mmawa uliwonse ndinkakhula zikhadabo ndi burashi mpaka kutuluka magazi, n'kusaina bodza, alamu n'kusaina pansi pake akundiseka kuti ndayamba ukhondo wa mkwatibwi. Mantha ndinali nawo, koma ndisaname, ndinkakakonda. Ndimakhala ndekha m'chipinda chimodzi, ndipo kanali koyamba kuti ndikaika kiyi pachitseko, wina m'katimo adziwe kuti ndafika.

Lolemba la sabata yachiwiri anapiye anayamba kufa. Ankatuluka m'makina ali lefu, mitu yogwa, ndowa n'kudzaza isanakwane naini koloko. Dokotala wa ziweto anabwera n'kutenga ena kukawayeza. Abwana anatisonkhanitsa n'kunena kuti ngati ndi chitopa, kampani itsekedwa ndipo tonse makumi anayi tibwerera kunyumba. Anatifunsa mmodzimmodzi ngati pali amene wayandikira mbalame. Ine ndinakanitsitsa, alamu ataima pambali panga.

Lachitatu madzulo alamu anapatukira kwathu kudzasiya diresi yomwe mkulu wanga ananditumizira. Ndinawalandirira pakhomo, koma iwo ndi anthu osadikira kuuzidwa kuti lowani. Anali asanakhale n'komwe pamene kambalame kaja kanayamba kulira pansi pa bedi.

Anakoka katoniyo ndi phazi n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangofunsa kuti ndakhala nako masiku angati, ndipo nditayankha kuti khumi, anakhala pabedi ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Alamu, ine ndakulakwirani chiyani?" anatero. "Masiku onsewa ndakhala ndikusaina pansi pa dzina lanu. Ana anga aja ndi ana anunso."

Ndinawauza kuti kambalameko sikakudwala, kakudya bwino, mwendo wokha ndi umene wavuta.

"Inu ndinu dokotala? Mawa mmawa kakakhala kakadali muno, ndikanena ndekha kwa abwana, tikachotsedwe tonse. Sankhani."

Atapita ndinakhala pansi katoni ili pamiyendo, mutu osagwira. Woti ndimupatse ndinalibe, chifukwa ndani angalole kudyetsa pumbwa wolumala ndi chotokosera m'mano? Kukapha ndikanatha, nanga si ndiyo ntchito yanga, koma manja anakana. Ndinakadyetsa mpaka kanakana kokha, ndinamasula ulusi uja, n'kupita nako kuseri kwa bwalo la mpira kumene kuli mpanda wa zitsamba ndi udzu wautali.

Ndinakakhazika pa nthambi, kanagwa. Mwendo unali utapola mokhota, zala zake sizinkagwira. Ndinakabwezerapo, kanagwanso. Kachitatu ndinakasiya pansi pa chitsamba n'kutembenuka. Nditacheuka ndinaona kakudumphadumpha ndi mwendo umodzi kunditsatira, kukamwa kuli yasa. Ndinathawa, mayi wamkulu ine, patapata m'manja.

Mawa lake cha m'ma leveni abwana anaimitsa lamba. Anati zotsatira zabwera ndipo si chitopa kapena matenda ena alionse. Makina amodzi otenthetsera mazira ankatentha mopitirira muyezo, choyezera chake chinali chitafa. Anthu anaombera m'manja, ena mpaka kuvina m'magambuti. Alamu anayang'ana kumbali, ndipo tsiku lonse sanadutsenso pafupi ndi ine. Ine ndinapitiriza kusankha anapiye, maganizo onse ali pa kambalame kamene ndinakataya pachabe.

Nditaweruka sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kuseri kwa bwalo kuja n'kugwada pa chitsamba chomwe chija. Panalibe kanthu, ngakhale nthenga. Ndinayamba kufukula udzu ndi manja, kutsata mpanda wonse chokwawa, ndikumvetsera. Apumbwa aakulu ankalira m'mwamba ngati masiku onse.

Abambo awiri ndi mayi wina wogulitsa nthochi anaima n'kundifunsa ngati ndataya foni. Ndikanati chiyani? Ndinavomera. Anali anthu abwino, analowa mu udzumo kundithandiza, akupalasa ndi mapazi uku ndi uku. Bambo mmodzi anali atavala nsapato zolemera za pa ntchito yomanga. Ndinkangoyang'ana pamene zinkaponda, ndikuopa kuti zingakaponde.

Kenako mayi uja anati ndimupatse nambala aimbe. Ndinamupatsa. Foni inalira m'chikwama changa chomwe, chili paphewa.

Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mayiyo anati ukalamba ukuyamba, n'kundipatsa nthochi imodzi kuti mtima ukhale pansi. Ndinathokoza. Anapita akusekabe, atasiya udzu wonse uli wogona, ndipo ine ndinagwadanso n'kuyamba kuudzutsa pang'onopang'ono, ndikupempha Mulungu kuti ndisapeze kanthu pansi pake.