Kuseri kwa Notsi

Nthawi inali itangokwana 10 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kosatha. Mtsikana amene anzake a kusukulu ya zamalamulo ankamutcha Jaji anakhala kumbuyo kwa kalasi, maso ali pa mnyamata wina, Wamagalasi.

Dzulo lake, pa phunziro la malamulo oteteza zinsinsi za anthu, Wamagalasi anapereka chitsanzo cha namwino amene anachotsedwa ntchito abwana ake atawerenga mauthenga a m'foni mwake. Nkhaniyo Jaji ankaidziwa bwino. Namwinoyo anaifotokozera Jaji yekha, pa kafukufuku wake wa chaka chomaliza, mtsikanayo atalonjeza kuti dzina silidzatuluka. Mayiyo anali atapeza ntchito kwina, kumene sankadziwa za nkhaniyi.

Kalasi itatha, Jaji anamutsekera njira pakhonde.

"Achimwene, nkhani ya namwino ija munaitenga kuti?"

"Iii, a Jaji, mlandu wayamba popanda samani?"

"Musandiseke. Munatsegula laputopu yanga."

"Ine? Ndi pasiwedi yanu yotalika ngati chigamulo ija?"

Anatulutsa notsi zake za malamulo a umwini wa zolemba, n'kutembenuza tsamba limodzi. Kuseri kwake kunali mawu a namwino uja, monga mmene Jaji anawalembera.

"Ine ndimayesa ndi funso lakale la mayeso," anatero.

Apo m'pamene Jaji anakumbukira. Sabata yatha makina a bambo osindikiza, kuseri kwa laibulale, anadetsa masamba a kafukufuku wake ndi inki, bambowo n'kusindikizanso. Masamba odetsedwawo Jaji anawasiya komweko.

Anawapeza bambowo akukonza stepula.

"Pepala lolembedwa mbali imodzi silitayidwa, mwanangu. Ndimasindikizapo notsi."

Anakoka katoni pansi pa tebulo. Jaji anagwada, n'kuyamba kusanthula pepala ndi pepala. Masamba ake anawapeza onse, kupatula lija la Wamagalasi ndi lachitatu, pamene panali dzina la namwino ndi nambala yake ya foni.

"Lachitatu munapatsa ndani, bambo?"

"Aaa, pano pamadutsa kalasi yonse."

Jaji anacheuka. Pamzere panali anzake asanu ndi mmodzi, aliyense atafumbata notsi pachifuwa kuopa mvula. Wina anamumwetulira. Jaji sanadziwe ngati kumwetulirako kunali moni chabe.

Ananyamula masamba ake n'kutuluka panja. Anaima pansi pa khonde, nafufuza nambala ya namwino uja, kuti mayiyo amve nkhaniyi kwa iye asanaimve kwa wina.

M'katimo bambo aja anatola pepala lina m'katoni. Analitembenuza kaye, naliwerenga pang'ono, kenako analilowetsa m'makina.

"Wotsatira! Masamba angati?"