Chithunzi Chimene Msaiwale Anaphimba

Kutatsala theka la ola kuti ukwati wake uyambe, Msaiwale anali pamwamba pa mpando, nsalu ya pabedi ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Mkwati wathunthu, suti yatsopano, koma akugwira ntchito ngati mbava. Ankaphimba chithunzi.

Si kachithunzi ayi. Chinali chachikulu ngati chitseko, kutsogolo kwenikweni kwa katchalitchi ka masisitere ku Joondalup, kutali kutsidya kwa nyanja. Chinkaonetsa Maliya atafungatira mtembo wa Mwana wake, kumbuyo kuli bii, kuwala kukugwera pankhope zawo pokha. Ankati anachikopera ku chojambula cha ku Italy cha zaka mazana anayi zapitazo.

Nanga akanalowera kuti? Munali mu 2021, mliri uli pakati. Holo imene anaipeza poyamba inawabweza, ndipo masisitere ndi amene anamvera chisoni Joan, mkwatibwi, namwino amene ankapemphera nawo. Malire anali otseka, choncho makolo ankayenera kuonera pa mafoni ali kumudzi, n'kumaoneka pakompyuta ya m'katchalitchimo: a Mbewe ndi akazi awo ku Nkhoma, ndiponso a Felesta, mayi ake a Joan, ku Bembeke.

Vuto linali a Mbewe, bambo ake a Msaiwale, mkulu wa mpingo wa zaka makumi atatu. Ana awo anakula akumva nkhani imodzimodzi, ya mmene anthu a ku Zurich anatsitsira zithunzi m'matchalitchi n'kupaka makoma laimu, ndi mmene Kalvini anakanira mafano kuti m'nyumba ya Mulungu muzimveka Mawu basi. Ankaikamba ngati iwo ndi amene anagwira bulashi. Zoti mwana wawo akwatire Mkatolika anavomera ndi khosi louma, atanenetsa kuti, “Ndikangoona fano pamenepo, dalitso langa usaliyembekezere.” Msaiwale ankawaopa bambo akewo, komanso ankawakonda koopsa. Dalitso limenelo ankalifuna ndi mtima wonse.

“Ukutani?”

Anali Joan, atayima pakhomo ndi diresi lake loyera, masiki ikulendewera kukhutu limodzi.

“Ndi ola limodzi lokha,” anatero Msaiwale. “Tikamaliza ndichotsa. Bambo ukuwadziwa.”

“Ndinasiya Misa. Ndinalola kuti atidalitse abusa akwanu. Ndinadandaula?”

“Ayi.”

“Amayi anga sadziwa kuwerenga, Msaiwale. Uthenga wonse anauphunzira pa zithunzi za pakhoma, ndiye Baibulo lawo limenelo. Dzulo ndinawauza kuti asalire, adzaona Amayi Maliya ali kumbuyo kwanga. Lero aone chinsalu cha pabedi?” Analoza nsalu ija. “Sindiyima pansi pa chinthu chimene wachita nacho manyazi. Mawa udzaphimba ine.”

Lamson, mnzake wa Msaiwale wa kuntchito ku Kwinana, anakhosomola ali pakompyuta paja. “Amwene, a ku Nkhoma alowa.”

Eetu, analowadi, nthawi isanakwane monga mwa chizolowezi chawo. A Mbewe anali atavala jekete lakuda, Baibulo lili pamwendo. Pambali pawo panali mayi ake a Msaiwale, mu yunifomu ya chigwirizano. Kenako panatseguka kawindo kena, a Felesta atayandikitsa nkhope kwambiri moti ankaoneka mphuno ndi mpango zokha.

“Msaiwale,” anaitana a Mbewe. “Ukutani pampando? Kuseri kwa nsaluyo kuli chiyani?”

Alendo ochepa amene anali atafika kale, atakhala motalikirana, onse anayang'ana Msaiwale. Abusa anayamba kufunafuna vesi limene silinasowe. Bodza linali pamlomo penipeni: khoma ndi long'aluka, bambo. Akanakhulupirira, chifukwa mwana wawo anali asanawanamizepo. Msaiwale anayang'ana Joan. Mtsikanayo sankalira n'komwe. Anali atagwira chitseko, akudikira.

Msaiwale anakoka nsalu ija. Inagwa pansi kuti phwa.

“Ndi chithunzi, bambo. Ine sindichipembedza, munandiphunzitsa bwino. Koma tchalitchi chino ndi cha eni ake, ndipo mkazi wanga ndi mwana wa eni akewo. Tikwatirana chili chomwechi.”

Ku Bembeke kunamveka kuwomba m'manja. “Ndi Amayiwotu!” anafuula a Felesta, osadziwa kuti kuli mlandu.

A Mbewe anayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri Msaiwale. Anangotseka Baibulo, n'kudzuka, n'kuchoka, osaonekanso pakompyuta paja. Chitseko cha kwawo chinalira mmene chimalirira.

Mayi ake anatsala okha pambali pa mpando wopanda munthu. Dzanja lawo linabwera chakufoni, ndipo Msaiwale anaganiza kuti akuzimitsa. Koma anangoiwongola bwinobwino, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

“Tsika pampando, mwana wanga,” anatero chapansipansi. “Mkazi wako wayima nthawi yaitali.”