Chikwanje cha Malemu

Mtengo wachisanu ndi chiwiri utauma, Make Mapasa anaima pansi pake manja ali kunkhongo. Malemu amuna awo anabzala mitengo ya bulugamu makumi anayi kuseri kwa nyumba, ndipo pomwalira anasiya mawu amodzi: "Muisamale, ana adzafolere nyumba zawo."

Kusamala ankasamaladi, mwinanso mopyola. Nthambi ikangofota, ankaidula ndi chikwanje cha malemu, kenako n'kusadzira mitengo yoyandikana nayo. Chikwanjecho sichinkalawa madzi. Ankachikulunga m'malaya a malemu, ati pampini padakali thukuta lawo.

"Amayi, ingoisiyani," anadandaula mwana wawo wamkazi. "Mukaigwira m'pamene ikufa."

"Ndiye bambo ako ndikawauze chiyani ndikakawapeza?"

Tsiku lina kunabwera mayi wofufuza matenda a mitengo, atanyamula timabotolo. Anasenda khungwa la mtengo wouma, ndipo mkati munali mizere yakuda. Anatenga tizidutswa, napukutanso chikwanje chija ndi kathonje. Anabweranso patatha milungu itatu, itauma mitengo inanso inayi.

"Mayi, ndi nkhungu, mbale wake wa bowa," anatero wofufuzayo. "Imalowera pabala n'kutseka njira za madzi mumtengo. Taipezanso pachikwanje chanu."

Make Mapasa anangoti khwethe pansi.

"Ndiye kuti ndaipha ndine? Ndi chikwanje cha eni ake?"

"Simunkadziwa. Nafenso tikuiphunzira kumene. Koma ndisakunamizeni, yodwalayo ilibe mankhwala. Iyenera kudulidwa ndi kuotchedwa."

Wofufuzayo anayenda mzere ndi mzere akuika chizindikiro chofiira pamitengo yodwala. Mitengo makumi awiri ndi isanu ndi inayi inagwa. Zinali zomvetsa chisoni kuona ntchito ya zaka zisanu ndi zitatu ikusanduka utsi masana amodzi. Moto utazilala, Make Mapasa anavundukula chikwanje, nachitsuka okha ndi jiki, mpini womwe, misozi ikugwera m'beseni.

Mitengo khumi ndi umodzi inatsala. Chaka chinatha osauma ngakhale umodzi. Siikwanira nyumba ziwiri, koma imodzi idzafoleredwa.

Masiku ano oyandikana nawo akabwera kudzabwereka chikwanje, amachipereka pamodzi ndi botolo la jiki.

"Mtengo ukayamba kufota, itanani alangizi a zankhalango musanaudule," amatero. "Ndipo tsukani chikwanje musanachoke pamtengo wina kupita pa unzake. Ine ndinasunga thukuta la amuna anga, n'kutaya mitengo yawo."