Zaka za a Sorsing

A Sorsing Abellar anakhala ndi zaka 59 kwa nthawi yaitali ndithu. Anthu atayamba kuseka poyera, anasunthira pa 64 n'kukhazikika pomwepo. Ankaphunzitsa magule ovina awiriawiri pamwamba pa sitolo ya mpunga mumzinda wa Iloilo, tsitsi lili bii, ndipo amuna awo achiwiri, a Nestor, ankauza aliyense kuti anakwatira mtsikana.

Chifuwa chitakana kutha anakajambulitsa, ndipo inapezeka khansa ya m'mapapo. Mankhwala oyamba anangowafoola. Ndiye dokotala wawo, mayi Villaruel, anatchula za kafukufuku wa mankhwala atsopano pachipatalapo. Anati kawirikawiri mankhwala otere amayesedwa pa anthu ocheperako msinkhu pomwe odwala ambiri ndi okalamba, choncho ulendo uno ankalemba okhawo a zaka 70 kupita m'tsogolo. Anapepesa kuti a Sorsing achepa.

A Sorsing anatuma amuna awo kukagula madzi. Chitseko chitatsekeka anati, "Adokotala, ine ndili ndi zaka 77."

Dokotala anamwetulira mwachisoni, n'kunena kuti ambiri amadzikulitsa akafuna kulowa. Ziphaso zonse zinkati 64, pakuti a Sorsing anazikonzetsa kalekale, ndipo tchalitchi chimene anabatizidwirako chinapsa pamodzi ndi mabuku ake. Pankafunika mboni yokalumbira kwa loya.

Mboni inalipo. A Pacita, ogulitsa nsomba zouma pamsika, anaphunzira nawo kalasi imodzi, ndipo kwa zaka zambiri ankalengeza kwa ogula kuti Sorsing ndi nkhalamba yodzipaka utoto. A Sorsing anapita, nameza manyazi, n'kuwapempha kuti akanene zomwezo kwa loya.

"Ine kalasi imodzi ndi iwe?" anatero a Pacita akuthamangitsa ntchentche. "Ine ndangokwana 66. Ngati wakalamba, wakalamba wekha."

A Sorsing anabwerera akulira mu jipi yonyamula anthu, osadziwa ngati akulira matenda kapena mkwiyo. Analeka kudetsa tsitsi. Imvi zitatuluka anabwereka ndodo n'kupita nayo kuchipatala atawerama, koma namwino anawagwira m'mutu kuona ngati sanathire ufa. Anawalangiza kuti asiye masewera, msana wa munthu wovina subisika.

Nkhani inatha tsiku limene a Nestor anadwala m'mimba, a Sorsing n'kuperekezedwa ndi mwana wawo woyamba, Rodel. Ameneyu anali wadazi, wopuma ntchito ya pasitima, wa zidzukulu zakezake. M'chipinda chodikirira anthu anamupatsa iyeyo mpando wa okalamba, a Sorsing n'kuima. Dokotala atawaona anafunsa ngati bambowo anali achimwene awo.

"Awa ndi amayi anga ondibereka," anatero Rodel. "Ine ndili ndi zaka 60."

Dokotala anachotsera zakazo mumtima, kenako anafunsa ngati a Sorsing anaberekadi ali ndi zaka zinayi. Rodel anati iye sanaganizepo zimenezo, kwawo nkhani ya zaka saikamba pakudya. Anakalumbira kwa loya sabata yomweyo, ndipo akuluakulu a kafukufuku anavomera.

Chinatsala n'kuuza a Nestor. A Sorsing anawauza m'mawa, akudya mpunga wokazinga ndi mazira. A Nestor anaika supuni pansi, nkhope ili gwa, ndipo a Sorsing anaganiza kuti banja latha.

"Nanenso ndinakunamiza," anatero bamboyo. "Ndinkati 68 kuti ndioneke wamkulu kwa iwe. Ndili ndi 61."

Anayang'anana. A Sorsing anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, a Nestor n'kumawasisita pamsana uku akudandaula kuti tsopano adzamulangiza bwanji Rodel.

Kafukufukuyo anali ndi magulu awiri, lina lolandira mankhwala atsopano, lina lolandira akale, ndipo palibe anawauza a Sorsing gulu lawo. Lachinayi lililonse ankakhala pamzere ndi nkhalamba zinzawo, singano ili pamkono, akukangana za amene ali wamkulu. A Sorsing, amene anali asanapikisanepo pa zimenezi, anakwiya kupezeka achitatu. Miyendo inayamba kutupa, chakudya chinasiya kukoma, koma chotupa chinachepako pang'ono ndipo ankagona osatsokomola kwambiri. Kuvina kunakanika. Anakweza mpando pamwamba pa sitolo paja, n'kumaphunzitsa atakhala, akugogoda pansi ndi ambulera wina akaphonya phazi.