Ntchafu ya Nkhuku m'Mbale ya Sheba

Enia ankathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Ruda, ndipo ankadziwa kuti ntchitoyi ndi ya maso: masamba awiri ndi nsonga, basi. Choncho mwana wake Sheba atayamba kuwomba zitsa za m'mbali mwa njira, pamene za kutsogolo ankaziona bwinobwino, Enia anachita zimene mayi aliyense wa m'komboni akanachita. Anamudyetsa. Dzira m'mawa, matemba masana, nsinjiro m'ndiwo zilizonse. Zinatero zaka ziwiri, maso akunka nachepa.

Dokotala wa maso ku Mutare anamujambulira Enia papepala. Nyama, mazira, mtedza ndi nyemba, anatero, thupi limaziphwanya kukhala tizidutswa totchedwa ma amino asidi. Pali kamodzi kamene thupi la Sheba limalephera kukachotsa. Kamaunjikana m'magazi n'kumawononga kansalu ka kumbuyo kwa diso, kuyambira m'mphepete kulowera pakati.

"Anabadwa nalo vutoli, mayi. Pamene pafa sipadzuka. Koma mukachepetsa zakudya zimenezi, potsalapo pakhoza kukhalitsa."

M'kombi, minibasi yobwerera kwawo kudzera ku Hauna, Enia ankangoyang'ana manja ake, manja omwe ankasenda mazira aja.

Lamlungu kunabwera Miriamu, mlongo wa Cyprian, mwamuna wa Enia, kuchokera ku Chipinge. Mlendo wotero amaphedwera nkhuku. Atakhala pamphasa, Miriamu anatola ntchafu n'kuiika m'mbale ya Sheba. Enia anatambasula dzanja, naibwezera m'poto.

"Mlamu, mwayamba liti kumana mwana?" anatero Miriamu akuseka. "Kapena nkhukuyi njobwereka?"

"Amake Sheba," Cyprian ananong'ona, "chochoka m'dzanja la azakhali sichibwezedwa. Lero lokha."

 Enia anafuna kufotokoza za tizidutswa tija, koma mawu a dokotala anamuthawa. Anangogwira chivundikiro cha poto, osachisiya.

Sheba, amene sankakonda kulankhula pa anthu, anadzutsa mutu.

"Azakhali, mwakhala mbali iti? Ndikukumvani, koma sindikukuonani."

Miriamu anali pambali pake penipeni, bondo lake likukhudza la mwanayo. Kuseka kunatha. Miriamu anadzuka, nakakhala moyang'anizana naye.

"Pano nanga?"

"Pamenepo ndikukuonani."

Miriamu anakoka mbale ya nkhwani wosatendera, namupakulira mwanayo ndi dzanja lake.