Magazi a Tilepo

Galu wawo Tilepo atayamba kukha magazi m'mphuno, a Damiano sanafunse munthu. Anangoloza chala mng'ono wawo Aaron, yemwe ankadandaula kuti galuyo akumuthera nkhuku. Anati wathira tameki m'madeya, ndipo anamutukwana ana ake akumva.

Alangizi a ziweto a ku Nsaru anatenga magazi a galuyo kukayezetsa ku Lilongwe. Yankho linafika Tilepo atakwiriridwa kale.

"Si tameki ayi, bambo," anatero alangiziwo. "Makina apeza tizilombo tolowa m'magazi ndi nkhupakupa. Kodi munkamuchotsa nkhupakupazo?"

A Damiano anayang'ana kumbali. Maso awo anali pa nyumba ya Aaron, yosasulidwa malata, ndi pa mizere ya matayala a ngolo yolowera ku Kabudula, kwawo kwa mkazi wake.